Cipatala ca ku England n'caulele, koma osati kwa mlendo

Mabanja ambili tsopano ali ndi mwana amene akugwila nchito ku UK, ndipo makolo amaitanidwa kukaona zidzukulu. Ambili amakwela ndeke ali ndi cikhulupililo cakuti kumeneko cipatala n'caulele. Mau amenewa ndi oona pang'ono cabe, ndipo mbali yotsalayo yaika mabanja m'nkhongole.

Zipatala za boma za kumeneko, zochedwa NHS, sizilipilitsa nzika ndi anthu okhazikika. Koma munthu wobwela ndi viza yopitilila miyezi 6 amalipililatu msonkho wa zaumoyo, Immigration Health Surcharge, asanapatsidwe viza. Pamene msonkhowu unayamba mu 2015 unali £200 pa caka. Kuyambila mu February 2024 ndi £1,035 kwa wamkulu, ndi £776 kwa mwana kapena wophunzila. Conco bambo, mai ndi ana awili ofuna viza ya zaka 3 afunika kutulutsa £10,866 nthawi imodzi, kuwonjezela pa mtengo wa viza yeniyeniyo. Akayamba nchito amadulidwanso misonkho monga wina aliyense, ndiye cifukwa cake ena amati mlendo amalipila kawili. Ine ndiona kuti sakunama. Anesi, madokotala ndi osamalila okalamba amene ali ndi Health and Care Worker visa ndiwo anamasulidwa ku msonkhowu.

Ngakhale walipila, mankhwala ali ndi mtengo wake. Ku England mtundu uliwonse wa mankhwala umene dokotala walemba ndi £9.90, pamene ku Scotland, Wales ndi Northern Ireland salipila kanthu. Ana aang'ono, amai apakati, a zaka 60 kupita m'tsogolo ndi odwala shuga amene amamwa mankhwala salipila. Koma BP siili pa mndandanda wa matenda omasulidwa. Womwa mitundu itatu mwezi uliwonse angacite bwino kugula cikalata colipililatu ca caka conse pa £114.50, cimene ambili atsopano sacidziwa.

Pamene pali ngozi yaikulu ndi pa makolo opita kukaceza. Viza ya alendo ilibe msonkho uja, conco mwini wake sali m'gulu la othandizidwa kwaulele. Akhoza kuonana ndi dokotala wa m'dela, GP, popanda kulipila, ndipo ku cipinda ca odwala mwadzidzidzi amalandilidwa. Cithandizo ca TB ndi HIV naconso n'caulele. Koma akangogonekedwa mu wodi, ndalama zimayamba kuwelengedwa, ndipo ku England mlendo amalipila 150 pelesenti ya mtengo wa NHS. Ngati moyo uli pa ciswe amamuthandiza coyamba, bilu n'kubwela pambuyo. Ngati matendawo angadikile, amafuna ndalama patsogolo. Nkhongole ya £500 kapena kuposelapo ikakhala miyezi iwili osalipilidwa, cipatala cimadziwitsa Home Office, ndipo viza yotsatila ikhoza kukanidwa. Agogo amene anadwala sitiloko ali kwa mwana wao angabwelele kuno ali ndi nkhongole, ndiponso khomo lokaonanso zidzukulu litatsekeka.

Boma la UK limati n'cilungamo kuti wobwela asonkheko ku zipatala zimene nzika zinamanga ndi misonkho yao. Mfundo imeneyi siyopanda nzelu. Nafenso kuno timadulidwa 1 pelesenti ya NHIMA pa malipilo, abwana n'kuikapo ina. Cimene cimandivuta n'cakuti dziko lomwelo limadalila manja a alendo m'mawodi ake. Mwana wanu akhoza kusambitsa odwala usiku wonse m'cipatala cimene mawa cidzalembela amai ake bilu.

Khadi la NHIMA limagwila nchito m'Zambia muno mokha. Wokonzekela ulendo agule inshuwalansi ya paulendo asananyamuke, ndipo aulule matenda onse amene ali nao kale, cifukwa kampani ikapeza kuti BP kapena shuga zinabisidwa imakana kulipila. Anyamulenso mankhwala okwanila ulendo wonse m'mabokosi ake enieni, pamodzi ndi kalata ya dokotala yochula maina ake. Ana oitana makolo akambilane za inshuwalansiyi tikiti isanagulidwe.