Njanji ikadzafika, isadzatipitirire ku Katete ndi ku Sinda

Mwana wa ku Katete, ku Sinda kapena ku Vubwi akhoza kukula mpaka kumanga banja asanaonepo sitima ya pamtunda ikuyenda. Kuno ulendo ndi wa basi, ndipo msewu ndi umodzi, wa Great East, wotsikira ku mlatho wa Luangwa n'kukhotakhota m'mapiri mpaka ku Lusaka. Ine ndimagulitsa zitenje pamsika wa Katete, ndipo pa maulendo anga ndaona kuti basi imakomera munthu wamphamvu zake. Mayi wa khanda, nkhalamba ndi wodwala amafika ali ofooka, miyendo itatupa.

Sitima ndinaikwerera ku New Kapiri Mposhi, popita ku Dar es Salaam kukapikula katundu. Njanji ya TAZARA imeneyi, yotalika makilomita 1,860, anathandiza kumanga ndi a ku China ndipo inatha mu 1975. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti munthu umagona chotambalala. M'kalasi yoyamba chipinda chimakhala ndi mabedi anayi, m'kalasi yachiwiri asanu ndi limodzi, ndipo amayi amagona paokha, abambo paokha, pokhapokha banja litagula chipinda chonse. Chimbudzi chilimo, pogula nsima palinso. Mwana akalira umanyamuka n'kuyenda naye m'kanjira ka m'kati mpaka atatonthola. Liwiro lake ndi lochepa, masiku awiri amathera m'njira, komabe umatsika uli ndi mphamvu zogwira ntchito imene wapitira.

Vuto lili pofikira sitimayo. Kuchokera ku Katete uyenda makilomita pafupifupi 500 kukafika ku Lusaka, kenaka ena pafupifupi 200 kulowera kumpoto mpaka ku Kapiri. Wa ku Vubwi ayambe wavutika kufika ku Chipata. Sitima ya anthu siyenda tsiku lililonse, ndipo mabedi amatha msanga, choncho amene ali ndi m'bale ku Lusaka kapena ku Kapiri amamutuma kuti akamusungire malo. Nanga wopanda m'bale atani? Magetsi a ZESCO timagula pa foni tili kunyumba, ndalama timatumizirana pa Airtel ndi MTN. Tikiti ya sitima nayo igulike choncho, pa foni yamabatani imene agogo ali nayo kumudzi, uthenga ubwere wonena tsiku, ngolo ndi nambala ya bedi, ndipo nthawi ikasintha munthu auzidwe asanalipire basi. Zimenezi sizifuna kudikira njanji yatsopano.

Za njanji yatsopanoyo tamva kambirimbiri. Kachigawo ka Mchinji kufika ku Chipata, kosakwana ndi makilomita 30 omwe, kanayambidwa mu 1982 nthawi ya a Kaunda, n'kudzatsegulidwa mu 2010 nthawi ya a Rupiah Banda. Sitima ya anthu yoyenda mokhazikika pamenepo palibe. Mu 2016 boma linasainirana ndi kampani ya ku China ya CCECC kuti imange njanji ya makilomita 388 kuchokera ku Chipata, kudzera ku Petauke, kukalumikizana ndi TAZARA ku Serenje, pa mtengo woposa madola 2 biliyoni. Mpaka lero njanjiyo sitinaione. Nkhaniyi ikamabwera pa wailesi timamva za mkuwa, za matani a katundu ndi za doko la Nacala ku Mozambique. Katundu sindikumutsutsa ayi. Feteleza akatsika mtengo wonyamulira, chimanga, soya, mtedza ndi thonje zathu zikapeza njira ya ku nyanja, tonse tipindula. Koma pakati pa Chipata ndi Petauke pali Katete ndi Sinda, ndipo ndikuopa kuti tidzangoimirira m'minda n'kumaona ngolo za miyala zikudutsa.

Ena amati sitima ya anthu sibweza ndalama. Anzathu a ku Malawi, pa njanji imene malasha a ku Moatize amadutsa popita ku Nacala, ali ndi sitima ya anthu yochokera ku Limbe kudzera ku Balaka mpaka ku Nayuchi. Ngati zikutheka kumeneko, zitheke kunonso. Ndikudziwa kuti wopita ku Lusaka kudzera ku Serenje adzazungulira, ndipo wachangu adzakwerabe basi. Koma abale athu ambiri ali ku migodi, ku Ndola ndi ku Kitwe, ndipo maliro akagwa amayenda usana ndi usiku kuti apeze mwambo. Wodwala wotumizidwa kuchokera ku chipatala cha St Francis kupita ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka angasankhe bedi kusiyana ndi mpando wa basi. Mwezi wa Ogasiti, khamu lopita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika limadzazana m'malole, pamene ngolo zingapo zikanalinyamula mosaika moyo pachiswe.

Njanji singadutse popanda malo, ndipo malo ali m'manja mwa mafumu. A Mbang'ombe, a Kawaza ndi a Nyanje, pamodzi ndi aphungu athu ndi makhansala, asanavomere kuti minda ya anthu idulidwe afunse kuti siteshoni ya Katete ndi ya Sinda zidzakhala pati, sitima ya anthu idzayenda masiku ati, ndipo zimenezi zilembedwe m'pangano. A Pembamoyo nawo aumirire msewu wabwino wa Vubwi kufika ku Chipata, woyendeka ndi m'dzinja lomwe, kuti anthu awo azifika pa siteshoni sitima isananyamuke.