TILEMBE KAUNDULA WA BOWA WA KWA CHIOSYA

Mvula ikagwa, amayi a kwa Chiosya m'boma la Mchinji amalawirira kutchire kukazula bowa. Iwo amadziwa kuti utale umamera pachulu, manyame ndi chipindi pansi pa mitengo ya mombo ndi tsamba. Koma nzeru zimenezi zili m'mitu mwa okalamba, ndipo tikazengereza zidzapita nawo kumanda.

Akatswiri a sayansi amatiuza kuti bowa amene timadya ndi chipatso chabe. Thupi lake lenileni ndi timaulusi toyanga m'nthaka. Timaulusi ta manyame timalumikizana ndi mizu ya mtengo, kuupatsa madzi ndi mchere wa m'nthaka, tokha n'kumalandirako chakudya. Chomwecho munthu wogwetsa mombo kuti aotche makala kapena achizire fodya, wagwetsanso ndiwo za ana ake.

M'nthaka momwemo mulinso adani. Chuku chotchedwa Aspergillus flavus chimalowa mu mtedza ndi chimanga n'kusiyamo poizoni woononga chiwindi. Poizoniyu anadziwika nkhukundembo zokwana 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa chodya chakudya cha mtedza. Boma lolima mtedza ngati Mchinji silingainyozere nkhani yotere.

Ntchito yolemba inayambika kale. Mu 1987 Bambo Brian Morris anatulutsa buku la Common Mushrooms of Malawi, ndipo chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba. Koma buku limodzi silingakwanire midzi yonse, pakuti mayina a bowa amasiyana malinga ndi dera.

Tsono tikupempha aphunzitsi kuti dzinja lino ayende ndi ana asukulu pamodzi ndi amayi odziwa bowa. Alembe dzina la bowa aliyense, mwezi umene wamera, mtengo umene wayandikana nawo, ndiponso ngati ali wodyedwa kapena wakupha. Mwana asalawe bowa wosadziwika. Alangizi a zaulimi asonkhanitse zolembazo pamodzi ndi bowa woumitsa, ndi kuzitumiza ku Zomba. Za chuku azipereke kwa akatswiri a ku Chitedze.

Ntchitoyi sifuna ndalama zambiri, koma kope, pensulo ndi khama. Akuluakulu a maphunziro, a zaulimi ndi a zankhalango ku Mchinji agwirizane ndi mafumu, kuti mvula ikamadzatha kaundula woyamba akhale atalembedwa.