Ola la makalabu lisamezedwe tikuona

Sukulu zambiri za sekondale m'dziko muno zili ndi tsiku limodzi pa mlungu limene masana ake analembedwa kuti ndi a makalabu. Kwina ndi Lachitatu, kwina Lachinayi. Koma ife amene tachoka ku sekondale posachedwapa tikudziwa zimene zimachitika belu la nthawi imeneyi likalira. A Fomu 4 amauzidwa kuti asatuluke poti silabasi ya Biology idakali kutali. A Fomu 2 chimodzimodzi, chifukwa mayeso a JCE anabwereranso. Otsalawo amapatsidwa zikwanje kuti akatchetche ku bwalo la mpira, apo ayi amangomwazikana, ena ku hositelo kukagona, ena ulendo wa kwawo. Pa pepala kalabu ilipo, ndipo dzina la mphunzitsi woiyang'anira linamatidwa pa bolodi ku ofesi, koma pofika teremu yachitatu palibe akukumbukira kuti inakumana liti komaliza.

Sitikunena kuti aphunzitsi ndi aulesi. Sukulu imayezedwa ndi zotsatira za MANEB basi. Zikatuluka, makolo amafunsa kuti akhoza angati, wa mapoyinti otsika wapeza angati, ndipo NCHE yasankhapo angati opita ku mayunivesite a boma. Palibe amafunsa ahedi kuti chaka chino ana achita masewero angati kapena abzala mitengo ingati. Kumene kuli open school vuto ndi lina: masana makalasi omwewo mumalowa ophunzira ena, ndipo mphunzitsi amene akanayang'anira kalabu ali kutsogolo ndi choko, kumene amapezako kangachepe kowonjezera pa malipiro ake. Kalabu siimupatsa ngakhale sopo. Ku ma CDSS nako mwana wayenda mtunda wautali m'mawa, sanadye kanthu masana, ndiye kumuuza kuti atsalire mtsutso pamafunika chifukwa chomveka.

Makolo ena amanena mosabisa kuti fizi akuvutika nayo si yoti mwana azikavinira kapena kuchita zisudzo. Amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Nkhawa yawo tikuimva, chifukwa alipodi ana amene amathawira ku kwaya ndi ku mpira poopa masamu. Koma tiyeni tione Chingerezi chokha, phunziro limene ukalephera satifiketi ya MSCE sungaione ngakhale ena onse utakhoza bwanji. Tiyerekeze kalasi la ana 60 ndi piriyodi ya mphindi 40. Ngakhale mphunzitsi atati akhale chete piriyodi yonse, mwana aliyense sangapeze mphindi imodzi yathunthu yoyankhula. Nanga chiyankhulo munthu angachidziwe osachiyankhula? Ku kalabu ya mtsutso mwana yemweyo amaima mphindi zisanu payekha, anzake akumudula pakamwa, iye n'kumafunafuna mawu mpaka kuwapeza. Amene waloweza mbali yake m'sewero wabwereza ziganizo zolondola kambirimbiri osadziwa n'komwe kuti akuphunzira galamala. Ola limene talilanda kuti tiwonjezere manotsi ndi lomwe lija likanathandiza pa pepala la kompozishoni.

Amene anayambitsa mpikisano wa zisudzo wa ATEM anali aphunzitsi a Chingerezi, ndipo ankadziwa chimene ankachita. Du Chisiza Jnr, amene anadzakhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, anayamba kudziwika ali mwana wa sukulu ku HHI mu Blantyre, pomwe sewero lake lotchedwa The Deceased's Attack linapambana pa mpikisano wa sukulu za sekondale mu 1982. Wina anamutsegulira holo masana, wina analola kuti iye ndi anzake aziyeserera m'malo mokhala pa prep. Makalabu a zachilengedwe amene bungwe la WESM lakhala likulimbikitsa afikitsa ana ku Liwonde ndi ku Lengwe kukaona ndi maso nyama zimene ankangoziona pa chithunzi m'buku. Makalabu a Edzi Toto anapatsa achinyamata malo ofunsirana mafunso amene kunyumba sakanayerekeza kufunsa, pa nthawi imene maliro anali pakhomo ndi pakhomo.

Komabe si chilichonse chotchedwa kalabu chimene tikuchiikira kumbuyo. Tonse tinaonapo makalabu amene amabadwa tsiku limene galimoto ya bungwe yafika ndi matisheti ndi zakumwa, n'kufa tsiku limene pulojekiti yatha. Ana amalembetsa mayina mothamangitsana, chithunzi chimajambulidwa, nkhani yathera pomwepo. Alipo enanso amene mphunzitsi amawasandutsa kalasi lachiwiri: iye kutsogolo, ana pa madesiki, kulemba manotsi a Edzi ngati mawa kuli mayeso. Kalabu yeniyeni imadziwika ndi zinthu zing'onozing'ono. Ana asankha okha wapampando, mlembi ndi msungichuma. Pali kope la maminitsi, ngakhale likhale lothothoka chikuto. Akasonkherana timakwacha togulira mbewu za dimba kapena pepala la nyuzi ya pa bolodi, msungichuma amaima pamaso pa anzake n'kufotokoza mmene tayendera, ndipo tikasowa amafunsidwa. Mtsikana wa Fomu 2 amene waphunzira kufunsa mnzake wa Fomu 4 kuti ndalama zapita kuti, mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo, waphunzira chinthu chimene makomiti ambiri a akuluakulu, a kumudzi ngakhale a kumpingo, chimawavuta. Palibe pepala la MANEB limene limafunsa zimenezi.

Kalabu ndi malonso amene mwana wosawala m'kalasi amaonekera. Mnyamata amene dzina lake limakhala kumunsi kwa mndandanda teremu iliyonse, koma manja ake amadziwa kulumikiza mawaya kapena kumezanitsa mango, akasowa poonetsera zimenezi amatsimikiza kuti sukulu si yake. Ena mwa anzathu amene anasiyira panjira sinali nkhani ya fizi yokha.

Ife a mu mpingo uno tilibe chonamizira, chifukwa ntchitoyi timaidziwa kale. Ambiri tinakulira mu Pathfinder, ndipo pa koleji pano alipo amene akuchita za Master Guide. Tikudziwa kugawa ana m'timagulu tating'ono, kupatsa wina udindo, kuphunzitsa luso limodzi mpaka mwana alandire baji yake, zonsezi popanda thumba la bungwe lililonse. Chodabwitsa n'chakuti luso limeneli timalisiya ku tchalitchi ngati kuti ku sukulu silingagwire ntchito. Komanso mipikisano yambiri ya pakati pa sukulu imachitika Loweruka, ndipo mwana wosunga Sabata amatsala. Ngati kalabu ya mkati mwa mlungu yafanso, ndiye kuti mwana ameneyu watsekeredwa makomo onse awiri. Sukulu za mpingo zingathe kuitana sukulu zoyandikana nazo ku mtsutso kapena ku mpira Lamulungu kapena Lachitatu masana, m'malo momangodandaula za kalendala ya ena. Tisaganizenso kuti poti kwaya ikuimba bwino ndiye kuti nkhani ya makalabu yatha. Mwana amene mtima wake uli pa sayansi, pa chess kapena pa ulimi nayenso ndi wathu, ngakhale atakhala wa mpingo wina.

Zaka zochepa zikubwerazi, mayina amene adzamatidwe pa bolodi ku ofesi ngati oyang'anira makalabu adzakhala athu. Mphunzitsi watsopano ndi amene amakankhiridwa ntchito imeneyi pa msonkhano woyamba wa teremu, nthawi zambiri popanda womufotokozera kuti ayambire pati. Pano tikuphunzira kulemba scheme of work ndi lesson plan mpaka kuzilota, ndipo n'zofunikadi. Pempho lathu kwa otiphunzitsa ndi lakuti pa teaching practice aliyense wa ife apatsidwe kalabu imodzi, alembe dongosolo lake la teremu yonse monga amachitira ndi phunziro, ndipo wodzatiyendera asathere m'kalasi mokha, atsalire mpaka masana adzaone ngati ana abwera popanda kuwathamangitsa ndi ndodo. Ahedi a sukulu zimene tikupitako nawonso tiwapemphe chinthu chimodzi tsiku loyamba lomwelo: kuti ola la makalabu likhale la makalabu, kuphatikizapo a Fomu 4, mpaka teremu yachiwiri itatha.