Mau a Mabalani: Kompyuta Sidziwa Nkhope

Sabata lino ndikambe za kompyuta ya mu ofesi, m'mene musungidwa maina anu.

Makinawa ali ngati buku lalikuru la kalembera. Munthu ali yense ali ndi mzere wace: dzina, tsiku lobadwa, nambala ya pasipoti ndi nambala ya pa mgodi. Koma kompyuta sidziwa nkhope. Ine ndikalemba Piri m'malo mwa Phiri, kwa iyo amenewo ndi anthu awiri.

Mwezi watha mkulu wina anadza kudzafunsa zaka zace za nchito. Ndinafunafuna dzina lace, osalipeza, ndipo nkhope yace inagwa. Mwamwai anali ndi khadi lakale m'thumba. Nditalemba nambala, zaka zonse zinaturuka, dzina liri lolakwika.

Nkhaniyi si yaing'ono ai. M'caka ca 2019 bwalo la milandu ku Johannesburg linabvomereza R5 biliyoni za cipepeso ca anthu odwala cifuwa ca pfumbi ndi TB m'migodi ina ya golide, ndipo a Tshiamiso Trust salipira asanapeze mbiri ya nchito ya munthuyo.

Cifukwa cace citani izi. Mabalani akalemba, akuwerengereni musanacoke. Safunsa anadya phula. Dzina lilembedwe monga liri pa pasipoti. Nambala yanu ilembeni pa mapepala awiri, lina mutumize kwa mai kumudzi. Koma nambala yacinsinsi ya ku banki musauze munthu, ngakhale ine amene.

Tsalani bwino.

Ine wanu,
Mabalani