Kupempha Si Kuba: Zimene Ndinaphunzira pa Eriyo Yanga

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani imene inatigawanitsa anyamata a kwathu ku Soche pa tchuthi chapitachi. Nkhaniyi ndi ya eriyo yokokera Wi-Fi kuchokera patali. Ena adzati ndi nkhani yachibwana, koma ine ndikuona kuti ikukhudza maphunziro athu komanso khalidwe lathu.

Achimwene anga ali ndi laputopu yakale imene amandibwereka ndikabwera kutchuthi. Ndinkafuna kupeza mapepala a mayeso akale a MSCE, koma bandulo ya pafoni inkatha ndisanafike ndi pakati pomwe, ndipo ndinachita manyazi kupemphabe ndalama kwa amayi. Amalume amakhala kumtunda kwa ife, mtunda wa mamita ngati 120, ndipo ali ndi rauta pamalo pamene amalembera anthu makalata. Nditawadandaulira anati, "Mphwanga, ukatha kuikoka uli kwanu komweko, igwiritse ntchito, koma madzulo okha ndikatseka." Vuto linali lakuti m'nyumba mwathu netiwekiyo inkangooneka n'kusowanso.

Apa m'pamene phunziro la mafunde la mu Physics linandithandiza. Wi-Fi ndi mafunde a wailesi, ndipo ambiri amayenda pa 2.4 GHz. Mafundewa amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, choncho mukagawa mupeza kuti funde limodzi ndi lotalika masentimita 12.5 okha. Mafunde aafupi chonchi amafooka akadutsa khoma la njerwa, amabwerera akagunda malata, ndipo masamba a mtengo wa mango, makamaka akanyowa, amawameza. Eriyo ya laputopu ndi kawaya kakang'ono kobisika m'chivundikiro, m'mphepete mwa sikirini, ndipo imamvera mbali zonse nthawi imodzi. N'chifukwa chake siimva zakutali.

Eriyo yakunja siwonjezera mphamvu ayi. Ntchito yake ndi kusonkhanitsa mafunde, monga mmene kambale konyezimira ka mu tochi kamasonkhanitsira kuwala kwa babu kuti kulunjike kumodzi. Ndinagula kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB pamodzi ndi chingwe chake chotalika, n'kumangirira kachipangizoko ndi waya patsogolo pa mbale yachitsulo yokuya ya amayi. Mbaleyo ndinaipachika pansungwi panja pawindo, moyang'ana khonde la amalume. Chingwe cha USB sichiyenera kupitirira mamita 5, koma ubwino wake ndi wakuti mafunde satayikira m'njira, chifukwa wailesi yeniyeniyo ili pambale pomwepo. Ndinatha masiku awiri ndikusuntha kachipangizoko pang'onopang'ono kufunafuna pamene mafunde amakumanirana. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lachitatu timizere tinakwera kuchoka pa kamodzi kufika pa tinayi. Kukhala m'mphepete mwa phiri la Soche kunandithandizanso, pakuti nyumba yathu ndi ya amalume zimaonana popanda chotchinga.

Musaganize kuti nzeruyi ndi yoseweretsa. Mu 2007 katswiri wina dzina lake Ermanno Pietrosemoli anatumiza Wi-Fi mtunda wa makilomita 382 pakati pa mapiri awiri ku Venezuela. Kuno kwathu, mu 2008, a College of Medicine mothandizana ndi a bungwe la ICTP la ku Trieste m'dziko la Italy analumikiza Blantyre ndi Mangochi kudzera paphiri la Mpingwe ndi la Zomba, mtunda wa makilomita 162, kuti athandize ntchito zachipatala. Iwo anagwiritsa ntchito mbale zikuluzikulu ndi zipangizo zodula, koma mfundo yake ndi yomweyo ya mbale yanga: kwezani eriyo pamwamba, ilunjikitseni, ndipo mbali ziwirizo zionane.

Tsopano ndifike pachimake pa nkhaniyi. Eriyo itayamba kugwira ntchito, laputopu inaonetsa manetiweki asanu ndi atatu, pamene kale inkaonetsa awiri. Imodzi mwa iyo inalibe pasiwedi. Mnzanga wina amene anandithandiza kukweza nsungwi anasangalala zedi. "Aise, mwayi sudziwika! Ya amalume akoyo ndi ya madzulo okha, koma iyi tiidya usana ndi usiku. Mphepo ilibe mwini." Anyamata ena anagwirizana naye. Ine ndinakana, ngakhale ndivomere kuti mtima unagunda, ndipo kwa masiku angapo ankandinena kuti ndine wodzimva.

Mfundo zawo zinali zitatu, ndipo ndi bwino kuziyankha bwinobwino. Poyamba ankati mafundewo alowa okha pabwalo pathu. N'zoona, koma nkhuku ya mnansi ikalowa pabwalo panu siisanduka ndiwo zanu. Kachiwiri ankati mwiniwake akanafuna akanatseka. Kodi munthu akaiwala kukhoma chitseko ndiye kuti waitana aliyense? Mwinanso ndi munthu wachikulire amene sadziwa n'komwe kuti rauta imatsekedwa. Kachitatu ankati palibe chimene mwiniwake ataye. Apa ndiye analakwitsa kwambiri. Kuseri kwa rautayo kuli bandulo imene wina analipira ndi thukuta lake. Ife tikamaonera mpira, bandulo yake imatha msanga, intaneti yake imayenda mwaulesi, ndipo iye amakalipira ana ake osalakwa. Lamulo lachisanu ndi chiwiri lija silinasiyanitse zooneka ndi zosaoneka. Ngakhale dziko lathu lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, limene limaletsa kulowa m'makompyuta a eni popanda chilolezo.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti kuba kotereku sikuchititsa manyazi, chifukwa wobedwayo sumuona nkhope. Mnyamata amene sangatole ngakhale K100 m'thumba la mnzake amatha kudya bandulo ya mwini mwezi wathunthu mtima uli zii. Chizolowezi chimayamba chonchi. Akulu anati kupempha si kuba. Ine ndinapempha amalume, iwo anaika malire, ndipo ndikasunga malirewo mawa adzandilolanso.

Komabe ndili ndi pempho kwa inu makolo ndi aphunzitsi athu. Mukamva nkhani ngati iyi musafulumire kulanda mawaya ndi zitini zathu. Cholakwa si eriyo ayi. William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu anapanga makina amphepo opangira magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa ali mnyamata wocheperapo kuposa ine, anthu ena akumuyesa wamisala. Ambiri a ife timaloweza mawerengero a mafunde n'kukhoza mayeso, koma sitinagwirepo ndi manja chinthu chimene mawerengerowo akunena. Ine ndinamvetsa phunzirolo tsiku limene timizere tija tinakwera. Ndikanakonda kalabu ya sayansi itamatipatsa mpata woyesa zinthu zotere pamaso pa aphunzitsi.

Ndikudziwa kuti mantha anu ali ndi chifukwa. Pa intaneti pali zabwino ndi zonyansa zomwe, ndipo walira mvula walira matope. Kwathu amayi analamula kuti laputopu izikhala pabalaza pamene aliyense akuona, ndipo ikakwana 9 koloko usiku izitsekedwa. Achimwene anawonjeza kuti mvula ya ziphaliwali ikamabwera ndizitsitsa nsungwi ndi kuzula chingwe. Malamulo amenewa sanandipweteke, ndipo ndikuganiza kuti ndi abwino kusiyana ndi kungoletseratu, pakuti woletsedwa amakachitira kumbali kumene kulibe womulangiza.

Pomaliza, anzanga, pangani maeriyo, yesani, lakwitsani, yesaninso. Koma musanaloze mbale yanu kunyumba ya munthu, pitani kaye mukaodire pakhomo pake. Ndipo ngati mbaleyo ndi ya amayi anu, yambani mwapempha iwowo. Ine ndinaiwala zimenezi, ndipo tsiku limene anaifuna kuti atsukiremo mpunga ndinayankha mlandu wosayembekezera.

Wophunzira wa Fomu 3, wochokera ku Soche