ZA PAKHONDE: Pusi wa Madala a ku Southerton

Sabata ino ndabwera ndi mlandu wa pusi. Musafulumire kuseka, pakuti mwini wace wa pusiyo sakuona tulo.

Lamulungu lapitali, nditacoka ku mapemphero, ndinapita kukaona madala ena a kwathu ku Dedza amene akhala kuno ku Southerton. Iwowa anafika m'dziko muno akali mnyamata, pamene dzina la Harare linali Salisbury, nagwira nchito m'fakitale ya fodya kufikira atapuma. Ndinawapeza ali pakhonde, dzanja liri patsaya, ndi pusi wao ali pa unyolo pansi pa mtengo wa mapeyala.

Amene anabwera ndi pusiyu ndi mwana wao, woyendetsa lole. Anamgula zaka 4 zapitazo kwa anyamata a m'mbali mwa mseu, pakati pa Mutoko ndi Nyamapanda, ali kakhanda kosadziwa kudya kokha. Madala anakalera ndi mkaka wa m'botolo, nakagoneka m'bokosi pafupi ndi mbaula masiku a cisanu. Mai a m'nyumba atamwalira, pusiyu ndiye anatsala wokhala nao pakhonde usana wonse. Tsono Lacisanu analuma kamtsikana ka pa nyumba yoyandikana nao, bala lakuya ndithu pamkono. Atate wa mwanayo anathamanga naye ku cipatala kukambaya jekeseni wa ciwewe, ndipo pobwera ananena mau amodzi okha: ukatha mwezi uno pusi akali pano, nkhani ipita kupolisi.

"Mwana wanga," anatero madala, "iwe umalemba m'nyuzi, tandiuza. Kumudzi pusi akalowa m'munda wa cimanga timamsaka ndi agaru, ndipo sindinaone munthu womangidwa. Ine ndampatsa mkaka, ndamfunditsa bulangeti, lero ndine wolakwa? Nanga azungu aja ndinawaona ndi mbalame zolankhula m'makola, iwo lamulo silinawaone? Cikalata cimene anena, kodi pusiyu akanadikira cikalata tsiku lija anali kufa ndi njala?"

Ndinakhala cete kanthawi, cifukwa mau amenewa si a munthu wopusa. Ndawamvanso kwa ena osunga akamba m'matayala akale kuseri kwa nyumba, ndi kwa mnyamata wina wa ku Rugare amene anaweta kadzidzi. Onsewa anena cimodzimodzi: ife tinapulumutsa, sitinabe. Kwa iwo lamuloli lioneka ngati la anthu a ndalama, odziwa khomo la ofesi ndi kudzaza mapepala.

Koma lamulo liripo, ndipo si la dzulo. Dzina lace ndi Parks and Wild Life Act, la caka ca 1975, ndipo oliyang'anira ndi a Zimbabwe Parks and Wildlife Management Authority, amene tonse timangoti a Parks. Nyama ya kuthengo siisungidwa pakhomo popanda cilolezo cao. Amene agwidwa nayo samfunsa ngati anaikonda kapena iai. Amfunsa pepala.

Ndinawayankha motere. "Madala, cifundo canu palibe angacikane. Koma taganizani, anyamata aja anakapeza bwanji kakhanda? Pusi wamkazi sataya mwana wace. Kamwana kamakangamira pamimba pa mace, ndipo kawirikawiri kuti munthu akatenge ayamba wapha mace. Ndalama imene mwana wanu anapereka inawauza anyamatawo kuti mawa akapezenso kena."

Apa anandiyang'ana moipidwa, koma ndinapitirira. Pusi ndi nyama ya pagulu, ayenda 10, 20 kapena kuposa. Wamphongo akayandikira zaka 5 mano ace a cigaru atalika, ndipo kuthengo ndiyo nthawi imene asiya gulu lobadwiramo kukalimbana ndi amphongo anzace kwina. Wa madalayu wafika msinkhu umenewo ali pa unyolo, wopanda mnzace, ndi ana a sukulu akumtola ndi timiyala pa mpanda. Kuluma kwa Lacisanu ndi koyamba cabe. Ndinawauza poyera kuti pa mlandu uwu ine ndiri kumbali ya atate wa mwana uja, ngakhale iwo ndi akwathu ndipo winayo ndi Mshona amene sindinadyepo naye nsima.

Pano ndipatuke pang'ono, ndilankhule ndi inu anzanga oyenda m'miseu, makamaka a malole ndi opita kumudzi pa chuti. Pusi ndi mlandu waung'ono poyerekeza ndi ngaka, imene anzathu Ashona aiti haka. Nyama iyi iri pa mndandanda wa zotetezedwa mwapadera, ndipo wopezeka nayo, yamoyo kapena mamba ace okha, alandira zaka zosacepera 9 m'ndende ngakhale kuli kulakwa kwace koyamba. Mwambo wa makolo a kuno unali wakuti wotola ngaka aipereke kwa mfumu, osaisunga. Lero aipereke kwa a Parks. M'caka ca 2016, pa msonkhano wa CITES ku Johannesburg, maiko anatseka malonda a mitundu yonse 8 ya ngaka pakati pa dziko ndi dziko, ndipo pa msonkhano womwewo anatsekanso malonda a zinkhwe zotuwa za ku Congo zogwidwa kuthengo, zomwe zija zolankhula madala anazinena. Musati mukaoloka Mwanza mwapulumuka. Ku Malawi lamulo la nyama linakhwimitsidwa m'caka ca 2017, ndipo cilango cace cingafike zaka 30.

Cotero munthu akakupatsani thumba nati, "Mundisungire usiku umodzi wokha," masulani muone. Ngaka siisungika n'komwe. Iribe mano, idya nyerere ndi ciswe basi, ndipo m'nyumba ya munthu ifooka masiku owerengeka. Mamba amene anthu aferapo ndi cinthu comweco cimene cipanga zikhadabo zanu. Kuno ku Harare a Tikki Hywood Foundation, bungwe loyamba m'caka ca 1994, ndiwo alera ngaka zolanditsidwa kufikira zibwerere kuthengo. Munthu wa ulendo, wosiya mkazi ndi ana akudikira ndalama pa kutha kwa mwezi, zaka 9 adzazifotokoza bwanji kwao?

Tibwerere pakhonde paja. Cimene cinawaopsa madala koposa polisi ndi ici: anayesa kuti akampereka pusi, adzangomuombera mfuti. Ndinawauza kuti alipo malo olera nyama zoleredwa ndi anthu, zimene sizingathe kudzisakira zokha. Ndinachula Chipangali, pafupi ndi Bulawayo, imene anaiyamba Viv Wilson m'caka ca 1973, ndi kuti dzinalo analitenga ku Chipangali wa kum'mawa kwa Zambia, kwa anzathu olankhula cinenero cathu comwe cino. Ndinachulanso Lilongwe Wildlife Centre kwathu, kumene apusi ndi anyani olandidwa m'makomo awaphatikiza m'magulu. Atamva dzina la Chipangali anamwetulira pang'ono, nati, "Ndiye kuti akamva cilankhulo."

Sindinawalonjeze kumene pusi wao adzapita, pakuti osankha ndi a Parks, si ine. Ndinangoti kuli bwino kupita ndi miyendo yanu kusiyana ndi kudikira galimoto ya polisi iime pacipata anansi onse akuona. Ndinawapemphanso kuti abweze ndalama zonse za ku cipatala, ndi kuti apite okha kukapepesa, asatume mdzukulu.

Za ndalama anabvomera pomwepo, natulutsa m'kacitini ka tiyi. Za kupepesa anati mawa. Za pusi sanayankhe. Ananyamuka nakasenda nthoci, nampatsa theka, theka nadya okha. Pondiperekeza pacipata ndi pamene anati, "Lacitatu ubwere m'mamawa, undiperekeze ku ofesi ija. Ukalankhule ndiwe Cingerezi. Ndipo ukawafunse ngati munthu aloledwa kukamuona."

Ndawauza akapitao anga kuti Lacitatu ndifika mocedwa.