Makope awiri a malume

Malume anga, omwe anali mphunzitsi kuno ku Nkhamenya, anatisiya chaka chatha fodya ali m'zigafa. Anasiya makope awiri omwe analembamo mbiri ya makolo athu. M'kope lakale akuti gogo amene anayambitsa mudzi wathu anabereka ana aakazi awiri. M'kope lachiwiri, lomwe analemba atakalamba, wamng'onoyo akumutchula kuti mdzukulu.

Ndi liwu limodzi lokha, koma layambanitsa abale. Ngati anali mwana, mbumba yake ili ndi gawo pa unyakwawa. Ngati anali mdzukulu, iyenera kudikira. Akuluakulu anandipatsa makopewo kuti ine wakusukulu ndigamule, ndipo ambiri akuti titsate lomalizira.

Vutoli si lathu lokha. J.R.R. Tolkien wa ku England, mlembi wa The Lord of the Rings, anapeka dziko lathunthu, mafumu ake ndi mibadwo yawo. Anamwalira mu 1973 ntchito isanathe, zolemba zake zikutsutsana. Mfumu ina, Gil-galad, anaisinthira bambo kangapo. Mwana wa mlembiyo, Christopher, potulutsa The Silmarillion mu 1977 anasankha kuti bambo wa mfumuyo akhale Fingon. Koma m'buku lina la mu 1996 anavomera kuti anaphonya. Ganizo lomaliza la bambo ake linali pa Orodreth, ndipo iye anaona kuti bwenzi atangosiya nkhaniyo yosamasula.

Chimene ndinatolapo n'chakuti kusankha mwachangu kumakwirira umboni. Christopher anakonza cholakwacho potulutsa zolemba za bambo ake m'mabuku 12, n'kumasonyeza kuti ichi chinayamba, ichi chinatsatira. Owerenga anadzionera okha.

Iye ankasamala chonchi za mafumu opeka. Nanga ife amene tikukamba za anthu omwe manda awo timalambula? Paja amati mawu a akulu akoma akagonera, koma pano agonera mawu awiri a mkulu mmodzi. Kodi malume anamva zatsopano kwa ntchembere, kapena ukalamba unawasokoneza? Kope silingayankhe.

Choncho ine sindigamula. Loweruka ndikawerenga makope onse awiri pabwalo, osadumpha mzere, kenako ndikhala pansi kuti agogo aakazi awiri omwe atsala alankhule. Ndipo inu amene mukulemba mbiri ya kwanu, mukasintha dzina lembani tsiku, chifukwa chake, ndi amene wakuuzani.